Injini Yanga Ikufuka

Lolemba

Yalira! Injini yomanga ndekha, kuseri kwa nyumba kuno ku Highfields, chilimwe chonse ndikaweruka kosamalira okalamba. Loweruka kuli chinkhoswe cha mng'ono wake wa Nachisale, mkazi wanga, ku Hyson Green mumzinda wa Nottingham, ndipo ndalonjeza kuti ulendo uno sitikwera basi. Ndikudziona kale: chigongono pawindo, Nachisale pambali panga atamanga duku lake lagolide, azilamu akusuzumira pakhomo. Kukutuluka kautsi kakuda. Injini yatsopano imatero, ndikuganiza.

Lachiwiri

Utsi wakula. Zovala za aneba pachingwe zatuwa. Ndamasula mapulagi: mwaye wokhawokha, fungo la petulo. Ndawapukuta, kenako ndakhala m'galimoto osailiza, manja pachiwongolero. Ndafika ku Nottingham, ndapitirira mpaka ku Dedza. M'nyumba Nachisale akusaka duku lija. Amayi ake anatumiza awiri ofanana kuchokera kumudzi, lina lake, lina la mng'ono wakeyo.

Lachitatu

A Tembo a ku Zambia, oyendetsa basi, aima pampanda n'kununkhiza. "Mudala, motoka yanu ikumwa maningi. Fuel yambiri, mphepo kulibe." Zoti ndione: kabuleta, mapulagi, mawaya, mtima wanga. Kabuleta ndaitsuka mpaka ikuwala. Utsi uli pomwepo. Nachisale wakhuthula masutikesi onse.

Lachinayi

Mapulagi atsopano nawonso ada. Koma fungoli ndikulikonda, bwanji kunama. Likundibweza ku galaja ya malume ku Biwi, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Lamulo lawo linali limodzi: ukamasula injini, bowo lililonse ulitseke ndi kansalu usanapite kokadya. Ine mpaka lero sindiphonya, ngakhale kuno fumbi kulibe, ndi mvula yokhayokha. Ndaima n'kumamwetulira mu utsi mpaka aneba atseka mawindo.

Lachisanu

Yayenda mpaka pakona, yatsokomola, yazima. Ndabwerera chokankha.

"Bambo a Tadala, duku langa simunalione?" Ndati ayi, ndi mtima woyera. Nachisale wakhala pabedi, misozi ili mbwembwembwe. Amayi ake chitupa choyendera chinawakanika, sabwera. Akuti akamanga duku lija amamva ngati amumanga ndi iwowo. Zandiwawa.

Loweruka

M'mawa a Tembo amasula paipi yolowetsa mpweya, imene ine sindinaiganizire n'komwe. Apisa zala. Akukoka. Chikutuluka chinthu chachitali, chakuda bii, chonyowa ndi petulo, m'mphepete mwake muli golide.

Ndakumbukira. Tsiku lomanga ndinaitanidwa kokadya, ndinatola kansalu pampando n'kutsekera bowo.

Injini ikulira mokoma tsopano, utsi palibe. Nachisale waima pakhomo atavala kale, mutu uli pamtunda. Wayang'ana duku, wayang'ana ine. "Ndikwera basi."

Lamulungu

Dzulo ndinaitsatira basi ija pambuyo mpaka ku Nottingham, mpando wapambali uli mbee. Palibe mlamu amene anasuzumira. Pazithunzi zonse mng'ono wake akuwala ndi golide, Nachisale wamanga duku lobwereka lobiriwira, sakuseka.

Duku lake ndalinyika m'beseni, madzi ndasintha mpaka zala zachita makwinya. Golide akuoneka mwa apo ndi apo, petulo akumvekabe. Sakundilankhula, koma sopo wabwino wandiikira pambali pa beseni.

Galimoto ili panja, yabwinobwino. Ndalowamo, ndagwira chiwongolero, ndatsinzina. Lero sindikufika ngakhale pakona.