Zimbudzi Zathu Zapambana!

M'katauni kena kokhala ndi msika umodzi, zigayo ziwiri ndi ofesi ya zaumoyo yopanda chitseko chakumbuyo, mwachitika zinthu zokoma zedi. Tapambana, anthuni! Nambala wani pa ukhondo m'boma lonse!

Koma ndiyambe poyambira. Mkulu wa ofesiyo ndi a Kadzuwa, amene udindo wawo wonse ndi Woyang'anira Wamkulu wa Ukhondo, Zimbudzi, Ntchentche ndi Zouluka Zina. Kwa zaka zitatu katauniko kankakhala kumchira pampikisano, ndipo kalata inabwera yoti kakalepheranso, a Kadzuwa asamutsidwira kutsidya kwa dambo, kumene foni imagwira pokhapokha munthu atakwera pachulu.

Ndiye analamula kuti khomo lililonse likumbe chimbudzi, chokhala ndi chivundikiro, chopakidwa laimu, panja pali mpondagiya, kachigubu kosambira m'manja kaja. Anthu anakumba. Zinatuluka zimbudzi zokongola kuposa makalasi a pasukulu pathu, sindikunama!

Koma walira mvula walira matope. Anthu aja anayamba kuzigwiritsa ntchito.

Tsiku lina a Kadzuwa anasuzumira kwa mayi Nachanza, ogulitsa zitumbuwa, n'kupezamo ntchentche ziwiri.

"Mayi, ndani wachita zimenezi muno?"

"Ife tomwe, achikulire. Nanga si ntchito yake?"

"Ntchito yake n'kuonedwa! Mukuyesa alendo adzabwera kudzanunkhiza zitumbuwa zanu zadzulo?"

Mawa lake ofesi inagawa maloko. Chimbudzi chilichonse chinakhomedwa, makiyi onse n'kupachikidwa m'khosi mwa a Kadzuwa, moti akamayenda ankamveka ngati ng'ombe ya pangolo. Anthu atafunsa kopita, anawalozera tchire la kuseri kwa msika, "mongoyembekezera". Kumeneko kunabadwa umodzi woopsa. Anthu osalankhulana zaka zisanu anayamba kupatsana moni chonyonyomala.

Kenako linafika tsiku lalikulu! Mayi Nasibeko, Mlendo Wolemekezeka Woyendera Maenje, anatsika m'galimoto la boma. A Kadzuwa ankatsegula chitseko chimodzichimodzi, mayiwo n'kuwerama, n'kununkhiza, n'kudzuka nkhope ili ngwee.

"Mmene ndinayambira ntchito," anatero, "sindinaone dzenje laulemu chonchi."

Khomo lililonse linkawapatsa thobwa, ndipo pokhala munthu wolereka, sanakane ngakhale kapu imodzi. Pofika khomo la makumi awiri anayamba kuyenda mwamsanga. Pa la makumi awiri ndi zitatu anayamba kuyenda pang'onopang'ono kwambiri.

"Bambo Kadzuwa," ananong'ona, "tanditsegulirani kamodzi aka."

Thukuta linawatsika a Kadzuwa. Akakana, mlendo akwiya. Akalola, dzenje lideratu, chonsecho mawa kukubwera ojambula zithunzi. Anagwada, makiyi ali ngwerengwere.

"Amayi, ndichitireni chifundo. Musatiwonongere."

Tonse tinagwira mtima. Mayi Nachanza anayamba kale kuwatsanzika a Kadzuwa chapansipansi. Koma mayi Nasibeko anangoseka, n'kuvula nsapato zawo zagogoda.

"Aa, mwagwadiranji? Tchire lanu lili mbali iti? Kwathu tinapambananso chonchi chaka chatha."

Anabwerako patapita mphindi khumi atapatsana moni ndi theka la katauni, n'kusaina pomwepo kuti tapambana. Nthungululu zake! Ife a sukulu tinaimba mpaka mawu kutha, ngakhale ambiri ankaimba akuthamangira kuseri kwa msika, poti m'mimba mwavuta masiku ano, kaya n'chifukwa chiyani.

Ndiye imvani nkhani yokoma kuposa zonse, yangofika lero m'mawa! Akuluakulu akondwera kwambiri ndi luso la a Kadzuwa, moti ati n'kulakwa kuti lipindulire ife tokha. Awakweza paudindo, ndipo Lolemba lomweli akunyamuka kukaphunzitsa anzathu a kutsidya kwa dambo. Atamva analira ndi chimwemwe, mpaka kugubuduka pansi!