Nkhondo ya Tsamba ndi Muzu

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, mumve za chaka chimene matenda anafafaniza nthochi m'minda, pamene m'labotale yozizira, momwe mbewu zimaleredwa m'mabotolo pa phala loonekera mkati, munabuka nkhondo imene mashelefu akunjenjemera nayo mpaka lero!

Mbali iyi kunali Namasamba, Mkango wa Shelefu Yachitatu, Wosayetsemula Pantchito, mtumiki wa sayitokinini, mankhwala ouza kambewu kuti katulutse masamba. Mbali inayo kunali mlamu wake Chimizu, Njovu Yovala Magolovesi, wolumbira pa okisini, mankhwala oitana mizu. Pakati pawo panali botolo limodzi, ndipo m'botolomo munali kansonga kochepa ngati njere ya mpunga, kotsala pa nthochi zonse zimene malemu bambo ake a Chimizu anabzala. Kakanangofa, mtundu ukanathera pomwepo. Lolemba lililonse mayi ake a Chimizu, amasiyewo, ankaimba foni ndi funso limodzi: "Yaphuka?"

"Alamu!" anabangula Chimizu kuseri kwa masiki. "Mbewu yopanda muzu n'chiyani? Chipewa chopanda mutu!"

"Nanga muzu wopanda tsamba udya chiyani, alamu? Udya ulemu wanu?" anayankha Namasamba, chodonthezera chili m'mwamba ngati mkondo.

Bwana wamkulu, poona kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano.

Masana, Njovu itapita kukadya, Mkango unasamutsira kansongako pa phala lothira madontho atatu a mankhwala ake. M'mawa mwake Njovu, ikunyang'ama ndi thupi lonselo, inawonjezera ake atatu. Aliyense ankayenda chodzitukumula, akumvera mnzake chisoni.

Patatha milungu inayi anapita kukaona chipambano, koma kalanga ine! Kambewu kaja, pouzidwa uku "kwera" uku "tsika", kanangosankha kunenepa. M'botolo munali chotupa choyera, chopanda tsamba, chopanda muzu.

Linali Lolemba. Foni inalira mpaka kutopa.

"Alamu," anatero Chimizu, masiki atanyowa, "ine ndinathiramo. Ndapha bambo kachiwiri."

"Inenso ndinathiramo. Pukutani misoziyo, mungatidetsere botolo. Chotupachi n'chamoyo. Tiyambe ndi masamba anga, akalimba mubwere ndi mizu yanu."

"Ndiye kuti mwapambana?"

"Ndangoyamba. Omaliza ndinu."

Anadula chotupacho, mmodzi atagwira mpeni, wina chopanira, mitu itagundana. Anadikira milungu yambiri mitima ili m'mwamba, kufikira m'mawa wina pamene katsamba kosaposa chikhadabo kanafunyululuka pang'onopang'ono ngati munthu wosadziwa kuti anthu amumenyanirana. Mizu inatsatira pa nthawi yake.

Pa tsiku la pangano lamtendere anaitana mayi aja, nawaveka chovala choyera, masiki ndi kachipewa. Bwana anatulukira kudzalandira ulemu. Ngwazi ziwiri zinagundanitsa makapu oyezera mankhwala odzaza madzi osungunulira, zinalumbira kuti dontho lililonse lidzathiridwa pamaso pa mboni, ndipo popeza lamulo limaletsa kuyasama pafupi ndi mabotolo, Namasamba anaimba nthungululu ndi mphuno.

Mayi sanaseke nawo. Anali atawerama pa botolo, akuyang'ana timawanga tofiira pa katsambako, tofanana ndi ta nthochi za kuseri kwa nyumba yawo.

"Mwabwerako, bambo a ana?" anatero chapansipansi. "Mwachepatu."