Amake Tereza Palibe pa Khadi

Lolemba

Amene ayamba kundiuza zimenezi ndi ba Mulenga, mnzanga wosesa naye ku fakitale ya sopo, iwonso akuti anazimva kwa dalaivala wa bwana. Akuti khadi lachikasu lija amatidulira pa malipiro, la inshuwalansi ya chipatala, si la malungo ndi mano okha ayi. M'tauni muli dokotala wa maganizo. Jekeseni alibe, mapiritsi alibe. Munthu umangokhala pampando n'kumalankhula, kampani n'kulipira!

Ine zaka zonsezi kulankhula ulere.

Komatu si za ine. Ndi mkazi wanga, amake Tereza. Chimwalirire Tereza wathu nthawi ya mvula, sanatulutse mawu. Amangokhala pakhomo kuyang'ana mpanda. Phala masupuni awiri, basi. Chitenje chikuwazungulira kawiri tsopano. Aneba akuti ndiwapereke kuchipatala cha boma cha amisala, n'chaulere. Toto! Wolowa kumenekuja, komboni yathu yonse ya Mtendere imamutcha wopenga mpaka kumanda.

Lachisanu tikupita kwa dokotala wolankhulitsayo. Ndatero ine.

Lachiwiri

Ku ofesi ya kalaliki wa kampani. Akutulutsa fayilo yanga, fumbi kobo!

"Ba Phiri, pano palibe madamu. Pali ba Esinati Phiri na bana batatu."

Esinati ndi mlongo wanga wa ku komboni ya Garden.

Ndakumbuka. Chaka chomwe ndinkalowa ntchito, ndisanadziwe kugwira pensulo, kalaliki wa nthawiyo anandifunsa kuti anthu amene mumawayang'anira ndani. Nanga ndikanati ndani? Kwathu mwamuna amayang'anira mbumba yake, mlongo ndi ana a mlongo. Mkazi ali ndi alongo ake omuyang'anira. Ndinatchula mayina bwinobwino, n'kudinda chala, mtima uli mbee. Alongo ake a amake Tereza anatsala kumudzi ku Malawi, ndipo onse anagona kalekale.

Ndiye kuti Terezanso pakhadipo panalibe. Izi sindilemba zambiri.

Lachitatu

Zofunika kuti mkazi wanga akhale mkazi wanga:
setifiketi ya ukwati,
kalata ya tcheyamani wa chipani wa sekishoni yathu,
zithunzi ziwiri,
miyezi isanu ndi umodzi yodikira.

Setifiketi! Ukwati wathu unamangidwa ndi ankhoswe awiri ndi nkhuku imodzi. Ankhoswe anafa. Nkhuku tinadya.

Kwa tcheyamani. "Khadi ya chipani ya ba mayi ili kuti? Ku miting'i sitibaona." Ndikufotokoza kuyambira pachiyambi, tsiku lomwe Tereza anabadwa, mvula yomwe inagwa, galu wa aneba amene anauwa. Ndisanafike ndi pa maliro pomwe, wina akufuula kuti kusitolo kwabwera mafuta ophikira. Tcheyamani liwiro kukaima pamzere, ine n'kutsala ndi nkhani m'kamwa.

Miyezi isanu ndi umodzi. Chitenje chidzazungulira katatu.

Lachinayi

Nzeru za ba Mulenga: "Khadi ilibe chithunzi, mudala. Ba mayi bankhale ba Esinati ola imodzi chabe. Ndani azaziba?"

Ku Garden kukabwereka khadi ndi chitupa cha Esinati. Chithunzi cha pachitupa chinafufuma, chingakhale cha aliyense, ngakhale ine. Esinati akuti ndibweze msanga, ali ndi dzino loti akachotse. Limenelo ndi dzino lachinayi. Atatu enawo anachotsanso ndi khadi lomweli, kwa dokotala wa mpando wopendekeka, ine osadziwa.

Kunyumba, maphunziro kwa amake Tereza. Inu ndinu Esinati. Ine ndine mlongo wanu. Mumakhala ku Garden, pafupi ndi mpope. Ndikubwereza katatu. Akundiyang'ana! Koyamba m'miyezi itatu akuyang'ana ine, osati mpanda. Mankhwala ayamba kugwira tisanafike n'komwe.

Lachisanu

Minibasi yodzaza, amake Tereza pawindo, ine kufotokozera kondakitala za ulendo wathu. Kwa dokotala kuli kapeti, fungo la mankhwala kulibe. Dokotalayo ndi mayi wachitsikana wa magalasi. Akufunsa, ine ndikuyankha. Akufunsanso, ndikuyankhanso, moonjezera.

"Atate, lekani bayankhe beka."

Katatu konse kundiuza zimenezo. Kenaka akutembenuza mpando, kundipatsa msana.

"Ba Esinati, amuna banu bali kuti?"

"Anamwalira," ndikutero ine msangamsanga, poti mwamuna wa Esinati anamwaliradi.

Pamenepo mawu akutuluka. Osasa, ngati chitseko cha dzimbiri.

"Ine sindine Esinati. Ndine mkazi wa bambo awa. Ndawachapira zaka makumi atatu. Mwana wanga anafera pamzere wa kukiliniki, khadi lili ku Garden."

Dokotala akuika cholembera pansi. Dokotala akuti akufunitsitsa kuwamva mayiwa, ndibwere nawo dzina lawo likalowa pakhadi, koma fomu yabodza sangasaine. Khadi latsala pa desiki. Alibweza okha kukampani.

Pobwerera kondakitala ndi yemwe uja. "Vayenda bwanji, mudala?" Ndikuyang'ana nsapato.

Loweruka

Esinati watulukira mamawa, tsaya lotupa ngati bani. "Khadi yanga ili kuti?" Yake! Akukuwa ndi mbali imodzi ya kamwa, aneba ali pampanda kumvetsera. Tsopano Mtendere yense wadziwa kuti tinapita kwa dokotala wa maganizo, chinthu chomwe ndimabisa chija.

Kumsika ndikuona ba Mulenga. Iwonso andiona. Akubisala kuseri kwa matumba a makala, chipewa chokha chikuonekera.

Uthenga wafika: Lolemba ndikaonekere kwa bwana.

Amake Tereza chete. Phala masupuni awiri.

Lamulungu

Kutchalitchi ndekha. Nyimbo ndikungotsegula pakamwa.

Zomwe ndapata sabata ino:
khadi, lapita;
mlongo, sakundilankhula;
ntchito, kaya;
mawu a amake Tereza, ochepa aja, onse oona.

Basi. Ndatenga kampando, ndakhala nawo pakhomo. Tonse awiri kuyang'ana mpanda mpaka dzuwa kupendeka. Sindinanene kanthu, ine! Mpanda uja ndauyang'anitsitsa. Pali msomali pomwe Tereza ankayanika nsapato zake za kusukulu. Zaka zonsezi sindinauone.

Lolemba m'mawa

Ndikuvala ovolosi, kukayankha mlandu. Patebulo pali tiyi, woyamba chimwalirire Tereza. Amake Tereza akumwa wawo, bani ali nalo m'manja, aluma kale theka. Akundikankhira kapu osandiyang'ana.

"Imwani, achimwene. Mungachedwe."