Mutu wa Bwana pa kanema, dzino langa pa mzere

Olemekezeka Bwana Wamkulu woyang'anira zipatala,

Ndagwada. Ine sukulu ndidangoidutsa kunja kwa mpanda, ntchito yanga ndi ya pakamwa, kusimba nthano. Akulemba kalatayi ndi mpongozi wanga, ndipo mawu ena akuwakana, akuti si a papepala. Mukapezamo ulemu wochuluka, ndi wawo.

Nkhani ndi dzino. M'kamwa mwangamu mano adatsala ngati anansi odana, lina uku lina uko. Awiri okha ndiwo amakumanabe, chakumapeto kumanzere, ndipo lam'mwambalo ladwala.

Adokotala a mano, mayi wamfupi wa manja ozizira, sadafune kulizula. Adati m'mizu ya dzino mumakhala tinjira, iwo amaboola, kuchotsa zowola, kutsuka n'kutseka. Adajambula ekisireyi, tidaona tinjira titatu. Adatitsuka kawiri konse. Dzino likugogodabe ngati munthu wotsekeredwa m'nyumba. Akuti mwina pali kachinayi kobisala kuseri kwa kanzake, poti ekisireyi wamba amaona mbali imodzi basi. Izi ndidazimva msanga. Nkhani ya mbali imodzi ndaisimbapo kambirimbiri. Imakoma, koma siichiritsa munthu.

Tsono ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha makina mudabweretsa chaka chatha aja, ozungulira mutu wa munthu n'kuonetsa dzino kutsogolo, m'mbali ndi kunsi komwe. Ali m'chipinda chakumapeto kwa khonde. Amawapukuta fumbi Lolemba lililonse, ndipo sadadwalepo.

Chachiwiri, zikomo kuti tsiku lotsegulira mudadzipereka kujambulidwa inuyo poyamba. Chibwano pa kachitsulo, maso tsinzinu, anthu kuomba m'manja. Chichokereni inu, makinawo sadaonenso mutu wina. Akuti akudikira kalata ya ku ofesi kwanu yolola kuti ajambule anthu wamba, ndipo kalatayo ikudikira kuti musaine. Ine ndikumvetsa. Makina amene adayamba ndi mutu wotero sangathamangire wanga.

Chachitatu, chithunzi chanucho adachiika pa kanema wa m'chipinda chodikirira, chimangozungulira tsiku lonse. Ife ogwira masaya timaonera pomwepo. Mano anu alipo makumi atatu ndi awiri, tidawerenga ine ndi telala wina wotupa tsaya. Mizu yowongoka ngati mizati. Chakumtunda kwa nsagwada sikudaoneke kanthu, kungoti bii, koma adokotala akuti makinawo safika kumeneko, ndiye tisatalikitse. Telala uja adafunsa ngati sangamuchiritse potengera chithunzi chanucho, poti ndicho chilipo. Lake adalizula Lachiwiri.

Ine adokotala andiuza mosabisa. Kufufuza kanjirako mwa chimbulimbuli sangapitirize, akhoza kuboola muzu pambali n'kupweteka fupa. Popanda chithunzi chozunguliracho, Lachinayi likubwerali alizula. Adanena maso ali pansi, ngati olakwa ndi iwo. Likachoka, lam'munsilo litsala lamasiye, ndipo ine ndiyamba kudya ngati khanda, adzukulu akuonerera. Nthano za mkango zosimba munthu wopanda mano, ana amaseka m'malo moopa.

Sindikukufulumizitsani, Bwana. Dzanja losainira ndi limodzi, zipatala n'zambiri. Pempho langa ndi laling'ono. Lachisanu ku ofesi kwanu kufika envelopu. Musampatse mlembi. Mutsegule nokha, mulitole dzinolo ndi zala, mulitembenuze mmene mungafunire. Sipafunika magetsi, sipafunika chilolezo. Muwerenge timabowo ta kunsonga kwa mizu, ndipo tikapezeka tinayi, muwauze adokotala aja kuti adaganiza bwino. Akhala akudzikayikira mayi aja.

Mukatha, muliike m'kabati momwe muli kalata ija. Silivuta, lidazolowera kudikira.

Ine wanu wotafunira kumodzi,
Wanthano wa pa benchi lodikirira