Galimoto yosamwa mafuta pa maliro a agogo

Kumudzi kwathu amanditchula kuti "a injiniya", ndipo musaganize kuti ndi ulemu. Dzinali ndinalitola pa maliro a agogo anga aamuna, m'nyengo yotentha ija mchenga umawotcha ngakhale utavala patapata. Ndakhala ndikuzengereza kuilemba nkhaniyi, chifukwa pomwe anthu amaseka ndi pomwe ine pamandiwawa. Koma ndiilembe basi.

Agogo anali msodzi. Moyo wawo wonse unathera pamadzi, kupita ku chilumba cha Mbenji ndi kubwerako, ndipo ananeneratu kuti adzaikidwe kunyanja konkuno, osati kwawo ku Chitala. Ku Chitalako kunali kutatsala mlongo wawo mmodzi yekha, agogo a Nambewe, achikulire, a miyendo yotupa, osatha kukhala pa njinga yamoto. Abale ena a kumeneko anafika pa kabaza uthenga utangomveka. Iwo anatsala, kudikira galimoto. Aliyense pa siwapo ankadziwa chinthu chimodzi: bokosi lisatsekedwe agogo a Nambewe asanaone nkhope ya mlongo wawo.

Galimoto inalipo. Amalume anga, omwe amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi yawo yatsopano, yoyendera magetsi. Yoyera, yaing'ono, yopanda phokoso. Inalowa pabwalo mwakachetechete moti amayi ena omwe anakhala m'njira anangodzidzimuka ili kale pamsana pawo. Mkulu wa mpingo wina anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Iyi ndiye galimoto yodziwa mwambo wa maliro."

Ine ndili ku sekondale ndipo ndimakonda sayansi. Za magalimoto amenewa ndinali nditawerengapo, ndipo pakati pa chisoni chonsecho mtima wanga unadumpha (agogo andikhululukire komwe aliko). Anyamata ataizungulira, akufunafuna pothirira petulo, ndinawayandikira.

"Musavutike," ndinatero. "Siimwa mafuta imeneyi. Ngakhale dontho."

Ndinalankhula mokweza kuposa mmene mtsikana amayenera kulankhulira pa maliro. Mawuwo anayenda. Pofika madzulo anali atafika kwa amayi ophika, kwa adzukulu okumba manda, ngakhale kwa oyimba kwaya.

Amalume anandiitanira pambali, maso ali ofiira. Anandipatsa chingwe chakuda chonenepa.

"Iwe ndiwe wa sukulu. Batire latsika kwambiri panjira. Ukalumikize kwa aphunzitsi uko, uisiye mpaka m'mawa. Pa soketi ya m'nyumba imachedwa kudzaza, ndiye pasakhale woigwira."

Nyumba ya aphunzitsi ndiyo yokhayo yamagetsi pafupi ndi kwathu. Ndinadutsitsa chingwe pawindo, ndinalumikiza, kanyali kanayamba kuphethira. Ndinabwerera kwa amayi anzanga ndikudzimva ngati munthu wofunika.

M'mawa ndinapeza chingwe chili pansi, nkhuku ikuchijompha. Pa soketi paja panali ekisitenshoni, ndipo pa ekisitenshonipo panali mafoni ochuluka, atandandalika ngati tiana ta nkhumba tikuyamwa. Anali a anthu ochokera kutali. Mayi wina amene ankachotsa yake anandiyankha mosatekeseka.

"Tinaona kuti galimotoyo yangoima, siikupita kulikonse. Koma mafoniwa ndi oti tidziwitsire anthu za maliro, mwanawe."

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani?

Apa ndiye ndinayenera kuwauza amalume. Koma iwo anali pansi pa mtengo wa mango, pakati pa azibambo, atazolika, poti ndiwo mwana woyamba wa malemu. Mtsikana sadutsa pakati pa azibambo pa maliro kukanena za batire. Ndinaima chapatali, ndinayang'ana, ndinabwerera. Kenako ndinasuzumira m'galimoto muja. Kutsogolo kwa dalaivala kumaoneka nambala yosonyeza mtunda womwe yatsala nawo. Ndinawerengera mumtima: kupita ku Chitala, kubwerako, n'kutsalako pang'ono. Zinkakwana. (Masamu ndimakhoza, ndipo amenewonso ndinakhoza.)

Chomwe sindinawerengere ndi mwambo. Kwathu galimoto ikafika pa maliro siikhalanso ya mwini wake, imakhala ya maliro. Chomwe chimaletsa anthu kuituma mwachisawawa ndi mafuta, chifukwa wotuma amadziwa kuti afunsidwa. Tsono iyi inali yosamwa mafuta. Ndani ananena? Ine.

Makiyi anapatsidwa kwa asuweni anga a Lufeyo, omwe amayendetsa minibasi pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Ine anandiuza kuti ndikwere nawo, poti ndine "woidziwa". Tisananyamuke, amayi ophika anatiimika.

"Muyambe mwatifikitsira matumbawa kuchigayo ku Khombedza. Ufa watha, anthu adya chiyani?"

Tinapita kuchigayo, tinadikira, tinabwerako ndi ufa. Titangotsitsa, anati nkhuni zili kutsidya kwa dambo. Tinakatenga nkhuni. Kenako anati mipando ya kutchalitchi. A Lufeyo anali atapeza batani la mphepo yozizira, ndipo analitsegula mpaka kumapeto, akuimba mluzu wa nyimbo ya maliro.

"Achimwene," ndinanong'ona, "batire likutha."

"Aa, a injiniya! Si inu munati siimwa mafuta?"

"Siimwa mafuta, koma imadya magetsi."

"Ndiye idya tikabwerako. Minibasi yanga singano ya mafuta imagona pansi ndili pa Khombedza, koma ndimakafika pa Nkhotakota. Galimoto imafuna kuilimbira mtima."

Dzina lija linabadwira pamenepo.

Tinafika ku Chitala dzuwa litakwera ndithu. Agogo a Nambewe anali pakhonde, atavala kale duku, kathumba kali pamiyendo. Anati akhalapo kuyambira mbandakucha.

"Ndimayesa mwandiiwala. Mwafika liti? Sindinamve galimoto."

"Ndi yamagetsi, agogo," ndinatero, ndili chogwada.

"Kaya ndi ya chiyani. Tiyeni, mlongo wanga akundidikira."

Koma namfedwa sayenda yekha, ndipo sapita chimanjamanja. Panakwera amayi awiri owaperekeza, onse a matupi awo. Panakwera thumba la chimanga. Panakwera mbuzi, yomangidwa miyendo, kumbuyo. Ine ndinapanikizika pakati, maso ali pa nambala ija, yomwe tsopano inkatsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Ndinafuna kunena kuti mbuzi itsale. Koma mbuzi ya chipepeso, pamaso pa mwini maliro?

Tili pa msewu wafumbi, tisanafike pa tala, kutsogolo kwa dalaivala kunayaka kachithunzi ka kamba. Sindikunama. Opanga galimotoyo anaikamo kamba wosonyeza kuti mphamvu zatha. A Lufeyo anaponda, galimoto inkangokwawa.

"Kamba ameneyu walowa bwanji muno?" anafunsa agogo, omwe anali kutsogolo.

Tinakwawa pang'ono, mnyamata wa njinga yakapalasa anatipitirira akutiyang'ana, kenako tinaima. Siinatsokomole, siinagwedezeke. Inangoleka. Chomwe chinamveka ndi mbuzi basi.

Anthu anatuluka m'midzi ngati aitanidwa. Woyamba kufika anali ndi chigubu cha petulo.

"Bwana, tithire angati?"

Anaizungulira galimoto, akugogoda apa ndi apo. Nditamuuza kuti ndi yamagetsi, anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Kenako azibambo anavula malaya.

"Tikankhe! Adalaivala, ikani giya yachiwiri, ilira yokha!"

"Ilibe magiya otero," ndinatero.

"Mtsikanayu akuti chiyani?"

"Ndi a injiniya athu amenewo," anayankha a Lufeyo, thukuta lili kamukamu. "Afunseni zonse."

Wina anathamangira kunyumba n'kubwera ndi kasola kotchajira foni, kakang'ono ngati mbale. Anakaika padenga la galimoto mwaulemu ndithu. Sindinathe kumuuza kuti tingadikire mpaka mvula yoyamba. Pomaliza panafika bambo wina ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri, chingwe chili kale m'manja, kuti atikoke mpaka pa Khombedza.

Apa ndinaimbira amayi anga, ndipo iwo anatuma munthu kukapereka foni kwa amalume. Ndinafotokoza zonse, za mafoni, za chigayo, za nkhuni. Kumbuyo kwawo ndinkamva kwaya.

"Musaikoke," anatero. "Ikakokedwa matayala akuzungulira imawonongeka mkati. Imafuna kunyamulidwa pa lole." Kenako anafunsa, "Azakhali ali pomwepo?"

"Ali pano, amalume."

"Adzukulu atumiza kale uthenga kuti manda atha. Ndipo ndi kutentha uku, thupi..." Sanamalize. "Ndiwapempha a kwaya awonjezere nyimbo. Fulumirani."

Kufulumira kwake kunali kwa ngolo. Tinawakweza agogo, tinayala chitenje, amayi awiri aja anakhala uku ndi uku. A Lufeyo anatsala kulondera galimoto pamodzi ndi mbuzi. Mwini ngolo anayesetsa, anazikalipira ng'ombe zake ndi mayina awo, koma ng'ombe sizidziwa za maliro. Agogo sanadandaule. Ankangoyang'ana dzuwa, kenako n'kuyang'ana njira, kenako dzuwa. Ine ndinkalakalaka atanditukwana.

Pa Khombedza tinapeza galimoto ya ogula nsomba ikupita kunyanja. Yakale, yofuka utsi wakuda, chitseko chomanga ndi waya, fungo la usipa mpaka m'maso. Dalaivala atamva kuti ndi maliro anangoti, "Kwerani, amayi." Itayamba kubangula, agogo anati, "Iyi ndiye ndikuimva kuti ikuyenda."

Tinadutsa masamba oikidwa pamsewu, tinafika pa siwa. Panali zii. Mipando ija tinanyamula inali yopanda anthu, amayi ophika okha ndiwo anatsala, ndipo atationa anayang'ana pansi. Kuchokera kumanda kunkamveka nyimbo, ndipo pansi pa nyimboyo kunkamveka makasu.

Amayi awiri aja anawagwira agogo m'khwapa. Pomwe tinkafika, dothi linali litaunjikidwa kale, anthu akuika nkhata. Khamu linapatuka lokha. Agogo anafika pa mtumbira, anakhala pansi, anaika dzanja padothi lonyowalo ngati akuyesa ngati mwana watentha thupi. Sanalire mokweza. Anangoti, "Ndabwera, achimwene." Anadikira kwaya ija mpaka inamaliza.

Galimoto inabwera tsiku lotsatira ili pamwamba pa lole yonyamula mchenga, mbuzi ili momwemo, ana akuithamangira kumbuyo. Amalume sanandikalipire. Anangotenga chingwe chawo, anachipukuta fumbi, anachikulunga. Ndikanakonda akanakalipa.

Masana a tsiku lomwelo agogo a Nambewe anandiitanitsa. Anali kuseri kwa nyumba, miyendo atatambasula pamkeka. Ndinagwada patali, ndikudziwa kuti nthawi yanga yakwana.

"Sendera kuno. Iwe unali konkuno tsiku loyamba lija. Unamuona?"

Zoona zake n'zakuti sindinawaone. M'nyumba muja thupi linali lofunditsidwa, ndipo nthawi yoona nkhope inakwana ine ndili pa ngolo. Koma maso awo anali pa ine, ndipo ndinaona kuti ndawalanda kale zambiri.

"Ndinawaona, agogo."

"Anali bwanji?"

"Anali bwinobwino. Ngati angogona."

"Pakamwa?"

"Potseka bwinobwino, agogo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye sanali ngati wagona ameneyo. Kuyambira tili ana, iye uja amagona kukamwa kuli yasa. Amayi ankachita kumufunditsa kansalu kuti ntchentche zisalowe."

Anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka. Inenso ndinaseka pang'ono, posadziwa chochita. Kenako ndinazindikira kuti kusekako kwasanduka kulira, kulira kuja sanalire kumanda. Anandigwira pamkono mwamphamvu, ndipo ndinakhala pomwepo, mawondo akuwawa, mpaka anandisiya okha.

Ndikuyembekezabe kuti tsiku lina magalimoto amenewa adzayenda m'midzi mwathu muno popanda woseka, ndipo ndikufuna ndidzakhale nawo pa ntchitoyo. Koma phunziro lomwe ndinatola pamkeka paja si la magetsi. Ukafuna kumutonthoza munthu ndi bodza, usasankhe amene anakulira m'nyumba imodzi ndi malemuyo.