Viza ya a Kazembe

A Kazembe, malemu aja ankameta tsitsi pafupi ndi sitolo ya matayala, ndi okhawo mumsewu wathu amene ankaikira anthu ziletso ngati mmene amachitira mayiko olemera. Ukawalakwira sankatukwana ayi. Ankazimitsa makina, n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kulengeza kuti, "Kuyambira lero ubale wa mayiko athu awiri waimitsidwa." Basi, uzipita kwanu mutu uli wometedwa mbali imodzi.

Ukazembewo tinawapatsa ndife. Ndege anali asanakwerepo, ngakhale malire a dziko lino anali asanawaone. Koma pakhoma panali mapu a dziko lonse, pashelefu pali wailesi yomanga ndi mphira imene inkalira nkhani zakunja kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Nkhondo ikabuka kutsidya kwa nyanja, iwo ankabaya phini pamapupo. Nduna ya kwa azungu ikatula pansi udindo, ankabwera atavala tayi yakuda. Unkalowa kuti umete mphindi khumi, unkatuluka patatha ola ukudziwa chimene chakweza mafuta padziko lonse, khutu likuchucha magazi.

"A Kazembe, mwandicheka!"

"Takhala chete iwe. Anzako akuphulitsidwa ndi mabomba, iwe ukulirira khutu?"

Nanga chikondi chawo pa azungu, abale inu, chinkachititsa manyazi. Kwa iwo mzungu sanama, mzungu sachedwa, ngakhale galu wa mzungu amadikira maloboti asanawoloke msewu. "Ife anthu akuda vuto lathu ndi phokoso!" ankatero akukuwa mpaka a kumatayala ankasuzumira. Tsiku lina kunalowa mzungu wa chikwama kumsana, mapazi ali mbuu, atatha masiku osasamba, kudzangofunsa njira. A Kazembe anadzutsa aphunzitsi opuma pampando, sopo ali kumaso, n'kukhazikapo mlendoyo. Anamumeta ulere, tsitsi lake n'kulisesa padera, n'kulisunga mu envulopu. Envulopuyo tinaiona ndi maso athu.

Khomo loyandikana nawo munali a Telala. Awiriwa anakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri atalekanitsidwa ndi khoma la pulayiwudi, akulimbirana soketi imodzi ya magetsi. A Telala anali ataikiridwa ziletso kasanu ndi kawiri ndipo zonsezo anazipirira. Chimene sankapirira ndi nkhani ya ana. Mwana wawo wamwamuna anali ndi zaka makumi atatu, ndevu zili pepeya, akudyabe kwa makolo. Mwana wamkazi wa a Kazembe anali namwino kunja, anakwatiwa ndi mzungu, n'kubereka kamtsikana. Chithunzi cha kamwanako chinamatidwa pamapu, pamwamba penipeni.

"Banja langa lalowa m'gulu la mayiko olemera," ankatero a Kazembe kudzera m'khomalo. "A Telala, dziko lanu lija ladzuka, kapena likudikirabe thandizo?"

Makasitomala ankaseka. A Telala ankangopondaponda makina, mano ali gwa.

Mdzukuluyo atakwanitsa zaka zinayi, namwino uja anatumiza kalata yoitana bambo ake. Chinatsala ndi viza, chilolezo cholowera m'dzikomo, ndipo kuti uipeze umakayankha mafunso ku ofesi ya dzikolo. Tsiku lomwelo a Kazembe anachotsa ziletso zonse n'kulowa kwa a Telala kudzayesetsa suti.

"Ana amakula msanga, a Telala," anatero a Kazembe chapansipansi, a Telala akuwayeza pachifuwa. "Ndimangomuona pafoni. Ndikufuna ndikamunyamule asanalemere."

A Telala chisoni chinawagwira, zoona. Koma a Kazembe sanali munthu wosiya chisoni kuti chikhazikike. Anawonjezera kuti, "Musoke mwaluso. Kumeneko si kuno kovala zigamba ngati mwana wanu uja."

A Telala anali atasokera masuti anthu ambiri opita kukapempha viza, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi chimene aliyense wobwerako ankanena. Ku ofesiko safuna kumva kuti umakonda dziko lawo. Amafuna kumva kuti udzabwerera kwanu. A Kazembe, amene ankadziwa mayina a nduna za mayiko makumi anayi, chimenechi sankachidziwa.

"Bwerani madzulo aliwonse ndizikuphunzitsani," anatero a Telala.

Ha! Chinali chionetsero. A Telala ankakhala kuseri kwa galasi la zenera lakale, atakanikiza mphuno kuti mawu azimveka achizungu. A Kazembe ankaima chilili, chipewa m'manja. Anthu ankadzaza mpaka pamsewu.

"Mudzabwerera liti kwanu?"

"Pakatha miyezi itatu, bwana."

"Mwalephera! Chipongwe chimenecho, a Kazembe. Munthu akukuitanani kwawo, inu musanakhale n'komwe mwayamba kufunsa basi yobwerera? Muwaonetse kuti mumawakonda. Munyoze kuno."

"Zoonadi," anatero a Kazembe akulemba m'kope. Kunyoza kuno sikunafunike kuwaphunzitsa.

Ambiri m'gulumo ankadziwa. Aphunzitsi opuma aja ankadziwa bwino lomwe, koma anakumbukira sopo uja n'kungoyang'ana nsapato zawo. Wina anali atayenda sabata yathunthu ndi theka la mutu, wina anali ndi chipsera pakhutu. Aliyense anali ndi chake. Akazi a a Telala okha ndi amene analankhula, kunyumba.

"Bambo, zimenezi si zoseketsa. Kuli mwana kumeneko akudikira agogo ake."

"Ndidzawauza m'mawa wa tsikulo, mayi. Ayambe avina kaye."

Ndipo anali ndi mtima wowauzadi. M'mawa wa tsikulo a Telala anaima pakhomo, mawu ali pakamwa. A Kazembe anatulukira ali mu suti, nsapato zili waliwali, anaima pakati pa msewu n'kukweza dzanja. "Tsalani bwino, mayiko osauka!" Anatulutsa chipeso chothyoka mano m'thumba n'kuwaponyera a Telala. "Thandizo lanu la chaka chino."

A Telala anatola chipesocho. "Muyende bwino," anatero.

Za ku ofesiko tinazimva kwa mayi wina amene anali pamzere womwewo. Akuti kuseri kwa galasi kunali mtsikana wakuda ngati ife tomwe, nzika ya dziko limenelo, ndipo a Kazembe anayamba asuzumira kumbuyo kwake kuti mwina mwini ofesi akubwera. Mtsikanayo anafunsa funso lija. A Kazembe anakoka jekete, anatsokomola, n'kuyankha mokweza kuti holo yonse imve.

"Kubwerera? Mayi, kubwerera kuti? Kuno kulibe chimene ndasiya, kuli fumbi ndi anthu ansanje. Mukandikwirire komweko!"

Sizinathe mphindi ziwiri. Anawabwezera pasipoti ndi kapepala kokana.

Atafika masana, msewu wonse unali utamva kale. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anyamata a kumatayala anaima pamzere n'kuchitira sawatcha. Wina anakuwa kuti, "A Kazembe, kunja kukuzizira bwanji?" A Telala anaseka kuposa onse, kuseka kowawa pakhosi kuja. A Kazembe anadutsa pakati pathu osayang'ana munthu, analowa, n'kuzimitsa wailesi.

Tinkadikira ziletso zoopsa, koma sizinabwere. M'mawa mwake anagogoda pakhoma la pulayiwudi n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a Telala?" ngati munthu wamba. A Telala zinawasowetsa mtendere. Akanakonda kutukwanidwa. Anapirira milungu itatu, kenako anakakhala okha pampando uja kuti awamete ndevu. Lumo lili pakhosi, a Kazembe anafunsa.

"A Telala, munkadziwa?"

A Telala anawayang'ana m'galasi.

"Ndinkadziwa."

Lumo linaima pang'ono, kenako linapitiriza. Anawameta bwinobwino, anawapukuta, n'kuwathira mafuta. Pa zaka zonsezo, limenelo ndi tsiku loyamba limene a Telala anatuluka mmenemo osachekedwa, ndipo anakalowa kwawo n'kukhala osasoka kanthu mpaka madzulo.

A Kazembe anakayesanso kawiri. Anayankha zolondola, analumbira kuti adzabwerera, anaonetsa ngakhale mapepala a malo awo ometera. Koma mawu oyamba aja anali atalembedwa m'kompyuta, ndipo kompyuta siiwala. Namwino uja ankati abwera ndi mwana akapeza tchuthi chachitali, koma chaka ndi chaka tchuthicho chinkasuntha. Patatha zaka zitatu tinawapeza atakhala pampando wa makasitomala, makina ali m'manja, atapita.

Tchuthi cha maliro chinapezeka msanga. Namwino anafika ndi mwamuna wake ndi mwana. Akuti pabwalo la ndege mwanayo ndi bambo ake anangowadindira n'kuwamwetulira, palibe anawafunsa ngati adzabwerera kwawo. A Kazembe tinawaika mu suti ija.

Mawa lake namwino ndi banja lake anabwera kudzachotsa katundu pamalo ometera paja, a Telala akuwathandiza. Kamtsikanako kanaona chithunzi chake pamwamba pa mapu n'kuloza, kakulankhula chizungu. Mayi ake anati, "Akufuna aone pafupi. Amalume, tamunyamulani." A Telala anawerama n'kumunyamula. Msana unalira. Mwana anali atalemera kale.

Lero pamalopo pali mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni. Mitu yathu imametedwa mofanana mbali zonse, makutu athu anapola, ndipo nkhondo zimayamba n'kutha ife osadziwa. Madzulo msewu umangoti zii, ndipo kunena zoona timawasowa, ngakhale palibe amene ali ndi nkhope yonenera zimenezo mokweza. A Telala akadasokabe. Munthu aliyense wobwera kudzayesetsa suti, asananene n'komwe kumene akupita, amamugwira pamkono, mapini ali kukamwa, n'kumuuza kuti, "Akakakufunsani, mukanene kuti mudzabwerera." Ena amakhala kuti angobwera kudzasoketsa suti yaukwati.