Bafa lopanda zenera linandithamangitsira apongozi

Mpaka lero apongozi anga sanapondenso pakhomo panga, ndipo wolakwa ndine ndekha.

Nyumba ija ndinamanga kuti nawonso andione ngati munthu. Chikwatirire mwana wawo, mayi aja a ku Thambani ankangonditenga ngati mnyamata wothamangira mathiraki kumalire a Mwanza, wokalambira pa lendi. Ndiye nditapeza malo ndinati bafa likhale m'kati, pakati penipeni pa nyumba, ngati lomwe ndinaona kunyumba yogona alendo ku Tete. Mmisiri wanga, a Chimbalanga, anakanda mutu.

"Bwana, apa palibe khoma lakunja. Windo tiika pati?"

"Ku Tete kunalibe windo. Ikani babu basi, switchi ikhale kunja ngati konkuja."

Ndinaiwala kuti kuno magetsi amabwera ngati mlendo. Masana dzuwa likuswa mtengo, m'bafamo munkakhala mdima wa ndiwe yani, makoma akuda ndi nkhungu, chitseko chitafufuma ndi chinyezi moti potsegula unkachita kuchimenya ndi phewa. Ine ndinangozolowera kusamba mopapasa.

Kenako apongozi anabwera kudzaona nyumba. Mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana, moni timapatsana wina ali kuseri, nkhani zonse zimadzera mwa mkazi wanga. M'mawa mwake mkazi wangayo anawalowetsa m'bafa, n'kuwatsekera, iye n'kuthamangira kumsika. Magetsi anazima, mayi anamaliza kusamba mumdima n'kuvala, koma chitseko chinawakanika. Anagadabuza ndowa n'kukhalapo, kudikira mwana wawo.

Ine zonsezi sindikuzidziwa. Ndafika masana, fumbi mpaka m'makutu, pakhomo pali zii. Kumudzi munthu akamasamba amayanika chitenje pampanda wa bafa, ukachiona umabwerera. Nanga bafa langa mpanda linautenga kuti? Ndinamenya chitseko ndi phewa, kulowa, kuchikankha ndi chidendene, kuvula zonse, n'kuyamba nyimbo ya kwaya ndi besi yanga yonse. Apongozi ali kuseri kwa chitseko, chete. Akanayamba bwanji kulankhula ndi mkamwini, m'bafa?

Ndikupapasa ndowa, dzanja langa linagwira mutu wa munthu wovala duku. Mutuwo unatsokomola.

Abale inu! Ndinalumphira kuchitseko, kukoka ndi mphamvu zonse, chogwirira chinathothoka n'kutsala m'manja. Zovala ndazipondera m'madzi, sindikuziona. Ndiye nthawi yomweyo magetsi aja, omwe amatha tsiku lonse osabwera, anayaka.

Ndinatola beseni n'kudzitchinga. Iwo anatembenukira kukhoma, n'kufunda chitenje kumutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo anandilankhula popanda wodzera.

"Zimitsani, bambo."

"Switchi ili kunja, mayi."

Tinakhala choncho, iwo maso kukhoma, ine beseni m'manja, mpaka mkazi wanga atabwera n'kukaitana aneba kuti adzathyole chitseko. Aneba anabwera ndi akazi awo, ndi mlendo wawo yemwe. Pano kumalire madalaivala sanditchulanso dzina langa, amangoti a Zimitsani.

Anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo, koma zimandiwawa. Apongozi anakwera galimoto ya ku Thambani kusanache bwino, osamwa ngakhale tiyi. Ana anga akafuna agogo awo amapita ndi amayi awo, ine ndimatsala kulonda nyumba imene ndinamangira kuti mayi aja adzakhale pakhonde n'kunena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna.

Ndinamanga bafa laudzu kuseri, lampanda woyanikapo chitenje, n'kutuma mkazi wanga kuti akawauze kuti tsopano zinthu zili bwino, abwere. Mkazi wangayo anabwerako madzulo, nakhala pansi osandiyang'ana.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zimene anaona zakwana."

Ndikadzamanganso nyumba, ndidzayamba kugula zenera ndisanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe.